Masiku atatu okha: ndiyambire pati pofotokozera aphunzitsi silabasi yatsopano ya Chingerezi?

Mkulu_wa_Dipatimenti
Aphunzitsi anzanga, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndapatsidwa udindo wofotokozera aphunzitsi a Chingerezi okwana 23, ochokera m'sukulu zisanu za sekondale, silabasi yatsopano imene tikuyenera kuyamba nayo teremu ikubwerayi. Masiku amene ndapatsidwa ndi atatu okha, pomwe patebulo panga pali buku la silabasi, buku la mphunzitsi ndi mndandanda wa zowerenga, zonse pamodzi masamba opitirira 300. Chasintha kwambiri n'chakuti galamala, kumvetsa nkhani, chimangirizo ndi ndakatulo, zimene kale tinkaphunzitsa chilichonse pachokha, tsopano zamangidwa mtolo umodzi. Ophunzira awerenge nkhani, aikambirane, ndipo galamala ndi zolemba zawo zichokere m'nkhani yomweyo.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti pamene silabasi inasintha ulendo wathawu, ine ndinali mmodzi mwa okhala pansi kumvetsera. Anatiwerengera zolinga kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tinasaina kuti tinafika, ndipo pasanathe mwezi aliyense wa ife anali atabwerera ku manotsi ake akale. Sindikufuna kuchitira anzanga zimene ndinachitiridwa ine. Kodi masiku atatuwa ndiwagawe bwanji, ndipo ndisiye ziti?

ChokoChatha
Tisanapite patali, kodi mayeso nawo asintha? Ngati pepala la mayeso likhale lomwe lija, masiku anu atatuwo angopita pachabe, chifukwa mphunzitsi amaphunzitsa zimene mwana akafunsidwe.

Mkulu_wa_Dipatimenti
Tauzidwa kuti asintha, koma pepala lachitsanzo silinatuluke. Oyamba kudzalemba mayeso atsopanowo ndi ana amene akulowa kumene sekondale chaka chino, ndipo makalasi apamwamba apitiriza ndi silabasi yakale mpaka atamaliza.

Mlangizi_Wopuma
Ndinagwira ntchito yoyendera aphunzitsi kwa zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti vuto lanu silagona pa kuchepa kwa masiku. Ngakhale akanakupatsani milungu iwiri, uthenga ukanafikabe m'kalasi utasanduka. Olemba silabasi amaphunzitsa anthu ochepa, ochepawo amakaphunzitsa ena, enawo n'kudzaphunzitsa inu, ndipo inu mukaphunzitsanso anthu 23. Uthenga ukamadutsa m'manja ambiri chotero, chifukwa chake cha kusinthako chimatayika panjira, n'kutsala malamulo okhaokha akuti chitani ichi, musachite icho. Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Zoterezi zimachitika ngakhale kumene mabuku ndi makina sizisowa. Pamene zigawo zambiri za dziko la America zinalandira miyezo ya maphunziro yotchedwa Common Core m'chaka cha 2010, chikalata chake chinanena kuti pofika kalasi yomaliza ya sekondale, magawo 70 pa 100 a zimene wophunzira amawerenga azikhala nkhani zopereka chidziwitso, osati zopeka. Chiwerengerocho chinkanena za zowerenga zonse za pasukulu, kuphatikizapo za sayansi ndi mbiri yakale, ndipo chikalatacho chinafotokoza zimenezo m'mawu a m'munsi mwa tsamba. Koma pofika kwa aphunzitsi ena a Chingerezi, zinamveka ngati akulamulidwa kuchotsa ndakatulo ndi nthano m'kalasi mwawo, ndipo panali mkangano waukulu pa chinthu chimene olembawo sananene.

Choncho malangizo anga ndi akuti musawawerengere zolinga, pakuti kuwerenga amatha okha. Tengani mutu woyamba wokha wa teremu yoyamba, muwaphunzitse phunziro limodzi lathunthu iwo atakhala ngati ophunzira, ndi nkhani yeniyeni imene ana adzawerenge, wotchi ili poonekera. Akaliona ndi maso, mafunso amene adzafunse adzakhala enieni, ndipo m'pamene mungawatsegulire tsamba la silabasi kuwaonetsa chifukwa chake phunzirolo lakonzedwa chotero.

ChokoChatha
A Mlangizi, ndi ulemu wonse, munthu amene wagwira choko zaka makumi awiri simungamukhazike pa desiki ngati mwana n'kuyembekezera kuti asangalala.

Mlangizi_Wopuma
Amanyinyirika mphindi khumi zoyamba, ndavomera. Chimene ndinaona chikuwakwiyitsa kwambiri ndicho kuuzidwa mmene angaphunzitsire ndi munthu amene sakufuna kuima kutsogolo kuti aonetse yekha.

GogoWaGalamala
Ine nkhawa yanga ili pa mtolo umene watchulidwawo. Mawu akuti galamala ichokere m'nkhani amakoma kumva, koma ndaona kumene amathera: galamala imasowa osadziwika tsiku limene inachokera. Mphunzitsi amatanganidwa ndi kukambirana za mpangankhani ndi phunziro la nthano, belu n'kulira, ndipo mwana amafika chaka chachitatu asakudziwa kugwirizanitsa mneni ndi mwininkhani. Wophunzira amene Chingerezi si chiyankhulo chake chobadwira alibe khutu lomuuza kuti chiganizo chapindika, ndiye ngati sitimuuza lamulo poyera, alitola kuti? Musanapite kukawauza aphunzitsi 23 kuti ataye piriyodi ya galamala, dziwani kaye chimene mukuika m'malo mwake.

Wandakatulo
Agogo, mfundo yanu yoti lamulo liyenera kunenedwa poyera sindikuitsutsa, koma piriyodi imene mukuiteteza ija sinatipatse zimene tinkayembekezera. Tonse tikudziwa ana amene amakhoza mafunso onse odzaza mipata, koma akapatsidwa pepala loyera kuti alembe chimangirizo, zolakwika zomwe zija zimabwerera zonse. M'chaka cha 2007, akatswiri a zamaphunziro Steve Graham ndi Dolores Perin anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wokhudza kuphunzitsa achinyamata kulemba, ndipo anapeza kuti kuphunzitsa galamala payokha, mwa kuloweza magulu a mawu ndi malamulo, sikunakweze luso lawo lolemba, pomwe kuwazoloweza kulumikiza ziganizo zing'onozing'ono kukhala chiganizo chimodzi chachitali kunathandiza. Kunena mwachilungamo, ana ambiri a m'kafukufukuyo anali oyankhula Chingerezi kale, ndiye nkhawa yanu pa ana ophunzira chiyankhulo chachiwiri ikadali ndi malo.

Mmene ine ndimachitira ndi motere. Ndimatenga chiganizo chimodzi cha m'nkhani imene tawerenga, chokhala ndi mlumikizi monga although, n'kuchilemba pabolodi. Timachiphwanya kukhala ziganizo ziwiri, ndimatchula lamulo lake momveka bwino, kenaka ndimawapatsa ziganizo zina ziwiri zonena za nkhani yomweyo kuti azilumikize okha m'makope. Zimatenga mphindi zosapitirira khumi, ndipo mwana amene walumikiza molakwika amandionetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti galamala yamuvuta pati, komanso ngati nkhaniyo waimvetsa.

GogoWaGalamala
Inu mumatha kutero chifukwa galamala mumaidziwa bwino, ndipo munaidziwira m'piriyodi yomwe mukuinyozayo. Mphunzitsi amene sakuidziwa sangaione m'nkhani ngakhale itamuyang'ana m'maso.

Wandakatulo
Apo mwanena zoona, ndipo ndiye ntchito ya a Mkulu_wa_Dipatimenti. Pa mutu uliwonse payenera kulembedweratu kuti ndi mfundo ziti za galamala zimene ziphunzitsidwe, kuchokera m'chiganizo chiti, kuti zisadalire kukumbukira kwa munthu.

Mphunzitsi_Watsopano
Akuluakulu, ndiloleni ndinene zimene zinandichitikira, popeza ine ndili mbali ya olandira. Chaka changa choyamba pantchito chinakumana ndi kusintha kofanana ndi kumeneku. Ku maphunziro tinapatsidwa chikonzero cha phunziro chokhala ndi magawo asanu ndi awiri, ndipo gawo lachiwiri linkati ophunzira awerenge ndakatulo chamumtima kwa mphindi zisanu, kenaka akambirane m'magulu. Ndinalowa m'kalasi nditaloweza zonse. Mabuku anali ochepa, ndiye ana anayi ankaweramira buku limodzi, mmodzi akuliwerenga chozondoka. Mphindi zisanu zitatha ndinafunsa funso loyamba, ndipo kalasi yonse inangoti zii. Mtsikana wina wokhala pafupi ndi zenera anakweza dzanja mwamanyazi n'kufunsa tanthauzo la liwu la m'mutu weniweni wa ndakatuloyo. Ndinawauza kuti adule mzere kunsi kwa mawu onse amene sakuwadziwa, ndipo m'ndime ya mizere isanu ndi itatu ena anadula mawu khumi ndi awiri. Belu linalira tili pa gawo lachitatu.

Chimene chinandipweteka si kulephera kwa phunzirolo ayi, koma kuti ndinalibe womuuza. Wotiphunzitsa uja anali atabwerera kwawo, ndipo m'chipinda cha aphunzitsi ndinkaopa kuoneka ngati wosadziwa ntchito. Mlungu wotsatira ndinabwereka manotsi a mphunzitsi wina wachikulire n'kuyamba kulembetsa ana pabolodi, ndipo m'sikimu ndinkalembabe ngati ndikutsatira silabasi yatsopano. Ndikukhulupirira kuti sindinali ndekha.

NyaliYaUsiku
Simunali nokha, ndipo vuto silinali lanu. Akatswiri a kaphunziridwe ka chiyankhulo chachiwiri, monga Paul Nation, anasonyeza kuti munthu amafunika kudziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 aliwonse kuti awerenge yekha nkhani n'kuimvetsa bwino, kutanthauza liwu limodzi lokha lachilendo pa mawu 50. Ana anu anali kutali kwambiri ndi pamenepo, ndiye kuwauza kuti awerenge chamumtima kunali kuwatuma kumunda opanda khasu. Jim Cummins nayenso anasiyanitsa Chingerezi chocheza, chimene mwana amachigwira m'zaka ngati ziwiri, ndi Chingerezi cha m'mabuku, chimene chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Mwana woyankhula mothamanga pabwalo akhoza kukusokonezani, n'kumaganiza kuti ndakatulo aimva.

Palinso nkhani ya chidziwitso. M'chaka cha 1988, Donna Recht ndi Lauren Leslie anapatsa ana 64 a ku America ndime yofotokoza masewero a baseball. Ana ofooka powerenga koma odziwa masewerowo anamvetsa ndimeyo kuposa ana odziwa kuwerenga amene masewerowo sankawadziwa. Choncho pa nkhani iliyonse ya m'silabasi, aphunzitsi afunika kugwirizana pa zinthu ziwiri asanalowe m'kalasi: mawu ochepa amene ayenera kuphunzitsidwa nkhani isanawerengedwe, ndi zimene mwana ayenera kudziwa zokhudza malo ndi nthawi ya nkhaniyo. A Mkulu, ntchito imeneyi ikhoza kudya tsiku lathunthu mwa masiku anu atatu, ndipo silingakhale tsiku lotayika.

CholemberaChofiira
Ngati zili choncho, bwanji osangowalembera aphunzitsi phunziro lililonse mawu ndi mawu, kuti wongoyamba kumene asavutike ngati mmene mnzathuyu anavutikira?

Wandakatulo
Chifukwa chakuti ndakatulo siphunzitsidwa ngati malangizo a pa botolo la mankhwala. Mwana akapereka yankho limene pepala silinayembekezere, mphunzitsi wowerenga zolembedwa amalikana ngakhale lili lanzeru kuposa la m'bukulo.

CholemberaChofiira
Mukunena za mphunzitsi amene ali ndi nthawi yokonzekera. Ine ndili ndi makalasi asanu ndi makope oposa 200 oti ndichonge mlungu uliwonse. Munthu akandipatsa mafunso abwino okonzedwa kale, sindikuona kuti wandilanda ulemu, koma wandibwezera maola awiri a usiku.

Mlangizi_Wopuma
Nonse awiri muli ndi mbali ya choonadi, ndipo dziko la South Africa linadutsa m'njira zonse ziwirizo. Silabasi yotchedwa Curriculum 2005, imene inayamba m'makalasi m'chaka cha 1998, inapatsa aphunzitsi zolinga 66 ndi mawu ambiri atsopano, n'kuwasiyira okha kuti asankhe zophunzitsa ndi kukonza zipangizo. M'chaka cha 2000, komiti yotsogozedwa ndi Linda Chisholm inapeza kuti chiyankhulo cha zikalatazo chinali chovuta kumva, kuti maphunziro a aphunzitsi anali osakwanira, ndiponso kuti zofunika kuphunzitsa sizinafotokozedwe bwino. Sukulu zokhala ndi mabuku ndi aphunzitsi odziwa zinapirira, koma zosauka zinasokonekera. Pamene dzikolo linabweretsa silabasi ina yotchedwa CAPS kuyambira 2012, linapita mbali inayo, n'kulemba zoyenera kuphunzitsa teremu ndi teremu, ndipo dandaulo la aphunzitsi ambiri linasanduka lakuti akuthamangitsidwa kuti amalize, ana atamva kapena asanamve.

Kwa inu a Mkulu, njira yapakati ingakhale yoti muuze aphunzitsi momveka bwino zimene siziyenera kusinthidwa ndi zimene ali ndi ufulu wosintha. Nkhani yowerenga, mawu ofunika, mfundo ya galamala ndi ntchito yolemba ya kumapeto kwa mutu zikhale zofanana m'sukulu zonse zisanu. Koma ngati kalasi ikufunika kuti mphunzitsi awerenge mokweza m'malo moti ana awerenge chamumtima, kapena phunziro limodzi ligawidwe pawiri, mphunzitsi asachite kubisa ngati wakuba. Mnzathu watsopanoyu anabwerera ku manotsi chifukwa palibe anamuuza kuti akhoza kusintha gawo lachiwiri osataya phunziro lonse.

ChokoChatha
Zonsezi n'zabwino, koma funso langa la mayeso palibe amene waliyankha. Mphunzitsi mmodzi yemweyo adzakhala ndi silabasi yatsopano m'mawa ndi yakale masana, ndipo zotsatira zimene mphunzitsi wamkulu adzamufunse kumapeto kwa chaka ndi za kalasi ya mayeso. Mapanga awiri avumbwitsa. Mukuganiza kuti mphamvu zake adzaziika kuti?

NyaliYaUsiku
Adzaziika ku kalasi ya mayeso, ndipo sitingamudzudzule. Ku England, pamene mayeso a sekondale otchedwa GCSE a Chingerezi anasinthidwa, aphunzitsi anayamba kuphunzitsa zatsopano mu Sepitembala 2015 ndipo ana oyamba analemba mu 2017. Magiredi anasintha kuchoka pa zilembo kupita pa manambala 9 mpaka 1, ntchito yochongedwa ndi mphunzitsi pasukulu inaleka kuwerengedwa pa giredi, ndipo ana sanaloledwenso kulowa ndi mabuku a nthano m'chipinda cha mayeso. Kaphunzitsidwe kanasintha msanga chifukwa mapepala achitsanzo analipo, ndipo aliyense ankaona chimene mwana akakumane nacho. Kaya kusinthako kunali kwabwino kapena ayi, ndi mkangano wina, koma kukusonyeza mphamvu ya pepala la mayeso.

Popeza inu pepalalo mulibe, mayeso amene ali m'manja mwanu ndi a kumapeto kwa teremu. Ngati sukulu zisanuzo zingagwirizane pa pepala limodzi lofunsa zimene silabasi yatsopano ikufuna, monga kulemba ndime yoikira umboni kuchokera m'nkhani, aphunzitsi adzakhala ndi chifukwa chophunzitsira zimenezo kuyambira mlungu woyamba.

CholemberaChofiira
Pepala limodzi silikwanira ngati kachongedwe kali kosiyana. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsako, tinakhala aphunzitsi asanu ndi mmodzi, n'kutenga chimangirizo chimodzi cha mwana, dzina titaphimba, aliyense n'kuchonga payekha. Malikisi anachokera pa 8 kufika pa 17, pa 20. Amene anapereka 8 anali atazunguliza cholakwika chilichonse cha kalembedwe mpaka pepala kufiira, ndipo amene anapereka 17 anati mwanayo anali yekhayo m'kalasi amene anayankha funso lenileni n'kupereka zifukwa. Tinakangana kwa ola lathunthu, wina mpaka anatuluka panja kukapuma mphepo. Koma ola limenelo linatiphunzitsa silabasi kuposa msonkhano uliwonse umene ndinapitako, chifukwa aliyense anakakamizika kutsegula bukulo kuti apeze poimira. A Mkulu, pemphani aphunzitsiwo kuti aliyense abwere ndi zimangirizo zitatu za ana ake, chabwino, chapakati ndi chofooka.

GogoWaGalamala
Amene anapereka 8 uja ndikanamupatsa moni wa dzanja. Komabe ndikuvomereza kuti mwana sayenera kukhoza kapena kulephera malinga ndi chipinda chimene wagweramo.

Mlangizi_Wopuma
Ndiwonjezere chimodzi chimene ndikuchiona kuti n'chachikulu kuposa masiku atatuwo, ndicho zimene zidzachitike mlungu wachiwiri wa teremu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, akatswiri a zamaphunziro Bruce Joyce ndi Beverly Showers ankanena kuti luso limene mphunzitsi waphunzira ku msonkhano silifika m'kalasi kawirikawiri pokhapokha pakhale wina womuonerera ndi kukambirana naye pamene akuliyesa. M'chaka cha 2018, Matthew Kraft ndi anzake anaunika kafukufuku 60 wa njira yoyendera ndi kulangiza mphunzitsi m'kalasi mwake, ndipo anapeza kuti imakonza kaphunzitsidwe, ngakhale kuti phindu lake limachepa ntchitoyo ikakula kwambiri. Aphunzitsi 23 si ambiri, ndiye inu muli pabwino. Ku Japan aphunzitsi ali ndi chizolowezi chotchedwa jugyo kenkyu, pamene amakonzera limodzi phunziro limodzi, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akuonerera mmene ana akulilandirira, kenaka n'kulikonzanso. Simufunika ndalama zambiri kuti muchite zofanana ndi zimenezi, koma mufunika piriyodi imodzi pa mlungu imene aphunzitsi a Chingerezi pasukulu onse ali omasuka nthawi imodzi, ndipo imeneyo ingaperekedwe ndi aphunzitsi aakulu okha pamene akukonza ndandanda ya maphunziro. Kaonaneni nawo tsopano, ndandandayo isanapachikidwe.

Mphunzitsi_Watsopano
Ndipemphe chinthu chimodzi pa zoonererazo. Wobwera kudzaonerera asabwere ndi fomu yopereka malikisi kwa mphunzitsi. Tikadziwa kuti zikalowa m'failo, tonse timaphunzitsa phunziro lachionetsero limene tinaliyeserera dzulo lake, ndipo mlendo akachoka timabwerera ku zakale.

Mkulu_wa_Dipatimenti
Zikomo nonse. Ndakhala nazo usiku wonse, ndipo ndasintha zambiri. Masamba 300 aja ndawatumiza kale kwa aphunzitsi kuti awerenge okha, ndipo ndalemba tsamba limodzi lonena zimene zasintha ndi zimene sizinasinthe. Tsiku loyamba ndidzaphunzitsa ndekha phunziro loyamba la mutu woyamba, kenaka tidzasankhira limodzi mawu ndi mfundo za galamala za nkhani zitatu zoyambirira, ndipo a GogoWaGalamala akhoza kukhazika mtima pansi chifukwa mfundozo zidzalembedwa pa pepala limene aliyense adzatenge. Tsiku lachiwiri aphunzitsi adzaphunzitsana okhaokha m'magulu a anthu anayi, ndi mabuku ochepa dala, monga zidzakhalire m'kalasi. Lachitatu tidzachonga zimangirizo ndi kuyamba kukonza pepala la kumapeto kwa teremu. Mitu ya teremu yachiwiri sindidzaikhudza n'komwe.

Aphunzitsi aakulu atatu avomera kale za piriyodi yokumana, mmodzi wakana ponena kuti aphunzitsi ake ndi operewera, ndipo wachisanu sanayankhe. Pasukulu imene yakanayo pali aphunzitsi a Chingerezi awiri okha, ndipo mmodzi mwa iwo anaphunzira za mbiri yakale, Chingerezi amangothandizira. Kodi alipo amene anayesapo kulumikiza mphunzitsi wotere ndi mnzake wa sukulu ina, kuti azikambirana pa foni mlungu uliwonse?

Wandakatulo
Ndinachitapo zimenezo kwa materemu awiri ndi mphunzitsi wa sukulu yakutali. Kungoimbirana n'kufunsana kuti zikuyenda bwanji sikunatithandize, chifukwa yankho linali lakuti zikuyenda. Zinayamba kuthandiza pamene tinagwirizana kuti Lachinayi lililonse aliyense azijambula makope atatu a ana, mayina ataphimbidwa, n'kutumizira mnzake tisanaimbirane. Mundipatse mphunzitsi wa mbiri yakaleyo ngati iye angalole, popeza Lachinayi masana ndimakhala ndilibe kalasi.